Mgolo wa Tsiku Loipa

Iwe Tamanda, chotsa dzanja pa mgolo umenewo. Ndakumva ukunong'oneza mlongo wako kuti chitsulo chadzimbirichi chikungotha malo m'nyumba, kuli bwino mukhuthule zam'katimo muzitungiramo madzi. Makutu angawa amasankha zomva, koma nkhani ikakhudza mgolo amamva ngakhale ndili kuseri. Bwerani kuno nonse awiri. Madalitso, foniyo ika m'thumba, siithawa. Mwandibweretsera zidebe zapulasitiki zotseka mpweya ndi nyemba za m'zitini, mukuti agogo aphunzire kusunga chakudya cha pangozi monga achitira anzawo a m'tauni. Zikomo, ndalandira ndi manja awiri. Koma musanandiphunzitse, imvani kaye mmene ine ndinasungira chakudya zaka makumi atatu, n'kutchuka kuyambira kuno ku Nkope mpaka ku Chembe, osadziwa kuti ndine chitsiru cha mudzi wonse.

Ine si wa kunyanja, mukudziwa. Ndinabadwira kumapiri a ku Ntcheu, kumene mwamuna ankamuyeza ndi nkhokwe yake. Inu nkhokwe mumangoiona m'mabuku a kusukulu. Inali yoluka ndi nsungwi, yokhala pamiyala kuti chiswe chisafike, yomata ndi dothi, denga lake lokweza ndi mtengo ngati chipewa. Bambo anga anali nayo yaikulu. Chaka china tinakolola mpaka kusowa poika, ndiye iwo anaganiza zoti chimanga chochuluka chotere n'chofunika chisangalalo. Mowa unafulidwa sabata ndi sabata, ng'oma osaleka. Chaka chotsatira mvula inakana. Tinadya gaga, gaga atatha tinadya mizu ya nthochi. Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, Eneresi, amene ndinkamubereka kumsana. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi m'nkhokwe simunatsale kanthu?" Ndinakwera, ndinalowamo, ndinapeza zitsononkho zokhazokha. Sabata yomweyo tinamuika m'manda. Ndinalumbira ndili mwana kuti nyumba yanga sidzakhala ndi nkhokwe yopanda kanthu, ndipo lumbiro limenelo ndi limene linandisokoneza mutu.

Kuno ndinabwera pa njinga kudzapikula usipa. Njinga za nthawi imeneyo zinali zolemera, osati izi mumakwera inu zoti mphepo ya mwera ikawomba zimauluka ndi mwini wake. Ulendo unali wa masiku awiri, kamba wake chinangwa chootcha ndi mtedza. Pathandala lina ndinapeza mtsikana akutembenuza usipa, ndipo ndinatsitsa mtengo kwa maola atatu chonsecho usipawo sindinkauyang'ana n'komwe. Ameneyo anali Esinati, agogo anu aakazi. Ndinakwatira, ndinakhala mkamwini pamudzi pano.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anthu akuno analibe mantha ndi mawa. Ndinafunsa alamu anga a Yohane, achimwene ake a Esinati, kuti nkhokwe zanu zili kuti. Anangoloza nyanja ndi mlomo, "Siyo apo, alamu."

Nkhokwe yopanda denga, yokhala ndi ng'ona m'kati! Ndinati iyayi, ine ndimanga yanga. Ndinamanga yokongola, anthu ankaima kuti aione. Miyezi itatu isanathe inali itafika pakati. Nditafufuza ndinapeza a Yohane ali m'katimo, dengu lili pambali, akusankha zikuluzikulu.

"Alamu, mukutani m'nkhokwe mwanga?"

"Yanu? Nanga yaima pa dothi la ndani?" Ndipo anandipempha kuti ndiwagwirireko dengulo potsika, ine n'kugwiradi.

Ndinayesa kukwirira chimanga m'mitsuko yomata pakamwa, chiswe chinandithokoza. Ndinayesa kupachika kudenga, makoswe ananenepa mpaka mphaka wathu anasamukira kwa aneba. Mapeto ake ndinapalasa njinga kupita ku boma ku Mangochi, kwa Che Saidi, bambo wachisilamu amene ankasula zitsulo pamsika. Iwo ndi amene anandigulitsa mgolowu. Munali mafuta ophikira kale. Anaudula pamwamba, anapanga chivundikiro, anaika kachitsulo kokolekapo loko, ndipo loko wake anali wamkulu ngati chikhatho changachi.

"Wallahi ambuje, ameneyu ngakhale njovu sitsegula," anatero Che Saidi. "Koma mahinjesi andithera. Mbali inayi ndangopota waya. Mukapeza hinjesi mudzaike, Inshaallah."

Ndinavomera, koma maso anga anali pa loko. Hinjesiyo sindinaike mpaka lero.

Kubwera nawo kuno inali ntchito ina. Nditaumanga pa kaliyala, pokhala ine panasowa, ndiye njinga inanyamula mgolo, ine n'kumakankha njinga. Pamtsetse wina chingwe chinaduka, mgolo unayamba ulendo wake wokha, ine pambuyo ndikufuula kuti gwirani, gwirani. Amayi ena anagwira mwamuna wosalakwa amene ankangodziyendera. Ndinafika mawa lake, fumbi mpaka m'makutu, mbiri itandidutsa kale yoti mkamwini wa kwa Esinati akutsegula fakitale ya kachasu.

Titakolola ndinatongola chimanga, ndinachiyanika mpaka kulira m'mano, ndinasakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Ndinachiika m'timatumba toyera makumi awiri, tosokedwa kuchokera ku masaka a ufa. Pamwamba ndinaika makaka a chinangwa, kathumba ka nyemba, mchere, machesi m'botolo, ndi masupuni anayi, chifukwa ndinaganiza kuti munthu asavutike pawiri, njala komanso kusowa supuni. Ndinatseka, ndinakhoma loko, kiyi ndinamumanga pa chingwe ichi mukuchiona m'khosimu. Kenako ndinaitana agogo anu, amene nthawi imeneyo anali ndi khanda kumsana, Lute, mayi wanu.

"Amake Lute, mgolo uwu sutsegulidwa wamba. Udzatsegulidwa pa Tsiku Loipa basi."

"Nanga Tsiku Loipalo tidzalidziwa bwanji?"

"Ndidzakuuzani ine."

Anangonyamuka kupita kukachapa.

Loweruka lililonse m'mawa ndinkachita mwambo wanga. Ndinkapukuta mgolo ndi kansanza, kugogoda pamwamba, pakati ndi pansi, khutu lili pachitsulo, kenako kuupendeketsa kuti ndimve kulemera kwake. Ukalira mosonyeza kuti ndi wodzaza, mtima wanga unkakhala m'malo sabata yonse. Anzanga ankapita kokaonera mpira, ine chisangalalo changa chinali chimenechi.

Lute ali ndi zaka zinayi, dzuwa linawotcha chimanga chisanamasule. Mwera nawo unavuta, asodzi ankabwera ndi mabwato opanda kanthu, nkhokwe ija ya a Yohane inangokhala madzi okhaokha. Njala inafika posauzana. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, kenako kamodzi kameneko kanayamba kudumphadumpha. Tsitsi la Lute linafiira, mwana anasiya kusewera. Masana ena ndili pakhonde, agogo anu anabwera n'kugwada. Munthu amene sankakonda kugwada, ngakhale kutchalitchi ankachita kuchedwa nako.

"Bambo a Lute, ndipatseni kiyi. Mwanayu sanalawe kanthu chiyambire dzulo."

Ana inu, apa musaseke, chifukwa ine ndimachita manyazi mpaka lero. Ndinagwira kiyi m'khosimu n'kumuumirira. M'mutu mwanga munali zitsononkho zija. Ndinkaona kuti ndikangotsegula, mgolo uyamba kutha, ndipo ukatha tidzafika pamene anafika Eneresi. Bola mgolo uli wodzaza, ndinkaganiza kuti imfa siingalowe m'nyumba. Ndiye ndinati, "Amake Lute, iyi si njala, ndi chilakolako chabe. Njala yeniyeni ine ndinaiona. Tipirire, Tsiku Loipa lisadzatipeze titadya kale."

Anadzuka, anasasa mchenga m'mawondo, analowa m'nyumba. Ine ndinanyamuka kupita kudambo kukafuna nyika, timizu ta m'madzi tija timene anthu amadya zikavuta. Pobwera ndinapeza Lute akumwa phala.

"Ufa wachokera kuti?"

"Achibale atigawira."

Ndinathamangira ku mgolo. Loko anali gwa, pogogoda unalira bwinobwino. Chaka chimenecho achibale anatigawira kwambiri, ndipo ine ndinadabwa kuti anthu owonda chotero akuupeza kuti ufa wogawa. Koma sindinafunse. Titafika pokolola ndinayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti ife tadutsa njala yonseyi osatsegula mgolo.

Kuyambira chaka chimenecho ndinatulukira chinthu chodabwitsa. Miyezi ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, mgolo unkalemera kwambiri, moti kuupendeketsa ndinkachita kubuula. Tikakolola unkapepukanso. Ndinaganizira nkhaniyi mozama ndipo ndinapeza yankho ndekha: chimanga chimakumbukira nyengo. Chikamva mvula padenga chimafufuma pofuna kumera, chikaona kuti palibe njira chimabwerera mwakale. Nzeru imeneyi sindinaibise. Ndinkaphunzitsa asodzi pamene akusoka maukonde, ndinkaphunzitsa pa zinkhoswe, ndinaphunzitsapo ngakhale m'basi. Febuluwale wina kunabwera mlangizi wa zaulimi, wovala nsapato zonyezimira, n'kundiuza kuti chimanga sichingakhale zaka zonsezo, chimasanduka fumbi kapena kuwola, n'chofunika kumadya chakale n'kumaika chatsopano. Ndinamuuza kuti apendeketse mgolo. Analephera. Ndinati, "Fumbi limalemera choncho? Sukulu yanu munaphunzira kuti?" Agogo anu anali pambali akupeta, ndipo anatsokomola kwambiri tsiku limenelo mpaka misozi.

Ndiye kunabwera chaka cha madzi. Izi mayi wanu amazikumbukira, anali atakula. Mvumbi unagwa masiku asanu, mtsinje unasiya njira yake, nyanja nayo inakwera kudzauchingamira, ndipo ziwirizi zinagwirizana zokumanira m'nyumba mwathu. Unali mwezi wa Febuluwale, m'mawa, madzi ali m'mawondo. Anthu ankathawira kusukulu ya pamtunda, wina wasenza matiresi, wina wanyamula mbuzi pamapewa. Agogo anu anati titenge zofunda ndi wailesi. Ine ndinati wailesi sitingadye. Ndinaitana a Yohane ndi amuna ena atatu, tinamanga mgolo pa mitengo iwiri ngati machira, tinayamba kukwera.

Kulemera kwake tsiku limenelo! Tinkayenda mapazi khumi, kutula, kupuma, kusenzanso. Nkhuku zathu zinatidutsa zitakwera pa chitseko choyandama. Matiresi athu anapita ku Shire osatsanzika. A Yohane anafuula kuti, "Alamu, muli chimanga muno kapena mwaikamo apongozi anu?" Ine ndikuti limbani mtima, chafufuma ndi mvula. Pakati pa chitunda msana wa a Yohane unalira kuti khe, ndipo kuyambira pamenepo akhala akuyenda chowerama ngati munthu wofuna singano pansi. Agogo anu ankabwera pambuyo ndi kamtolo pamutu. Nditacheuka ndinawaona atakhala pamwala, nkhope ataphimba ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinamva chisoni, ndinati mkazi wanga akulira nyumba yake. Ndinapita kukawatonthoza kuti musalire, chofunika tapulumutsa. Mapewa anagwedezeka kuposa poyamba.

Kusukuluko tinakhala masabata atatu, anthu mazanamazana m'makalasi, kudikira ufa wa phala umene ankabweretsa achifundo. Ine ndinkakhala pamwamba pa mgolo ngati nkhuku yofungatira. Anthu anandizungulira, "Akulu, nyumba zagwa, minda yapita. Kodi Tsiku Loipa lanu lija si limeneli?"

Ndinayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Tonse tili moyo. Likubwera loposa ili." Mmene anandisiyira osandiponya m'madzi, ndi Mulungu yekha akudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti azimayi sanalowerere nawo mkanganowo. Ankangoyang'anana, wina n'kuluma nsonga ya mpango wake.

Zaka zinapita, tinamanganso nyumba ino, Lute anakwatiwa, inu munabadwa. Mgolo unangokhala pakona pomwepo, kulemera ndi kupepuka monga mwa nyengo yake. Agogo anu anayamba kudandaula chifuwa. Munali aang'ono, mwina mukungokumbukira mmene ankakupatsirani mtedza wokazinga kuchokera pa mfundo ya chitenje. Anadwala miyezi inayi. Anatisiya Lachiwiri lina masana, mwezi wa Febuluwale womwewo, chimanga chili chiwisi m'munda, m'nyumba zambiri mulibe ufa.

Anthu anabwera ochuluka, chifukwa Esinati anali munthu wa anthu. Mwambo wake mukuudziwa, pamaliro aliyense amabwera ndi kambale ka ufa ndi nkhuni. Koma mwezi umenewo timbale tinali tochepa, ndipo azimayi ophika anayamba kunong'onezana kuti anthu okumba manda adya chiyani. Ine ndinali nditakhala pamphasa, mutu uli zii. Kenako ndinamva mumtima mwanga kuti palibenso tsiku lina limene ndikudikira. Ndinaimirira, ndinati, "Tulutsani mgolo. Tsiku lija ndi lero."

Anyamata anaugubuduza mpaka pabwalo. Anthu anasiya kulira, anatizungulira. Zaka makumi atatu akumva za mgolo umenewu, ngakhale abusa anasendera pafupi. Ndinavula chingwe m'khosi, ndinalowetsa kiyi. Kiyi anakana kutembenuka. Ndinathira palafini, anakana. Ndinathira mafuta ophikira, anakana. Loko anali atachita dzimbiri mpaka kukhala chitsulo chimodzi. Ndinafuula kuti wina abwere ndi hamala.

Pamenepo Lute anadzuka pakati pa azimayi, maso ali ofiira, anabwera n'kugwada pambali panga. "Ababa, dikirani." Anazungulira kumbuyo kwa mgolo, anagwira waya uja wa Che Saidi, anamumasula ndi zala ziwiri, osayang'anako n'komwe, monga munthu amasulira mpango wake. Chivundikiro chinatseguka cha kumbuyo, chikulendewera pa loko wanga.

Ndinasuzumira. Timatumba toyera tija munalibe. Munali timatumba ta zitenje zakale, ndipo chitenje chilichonse ndinkachidziwa. Ndinatola kamodzi, ndinamasula. Mchenga. Kachiwiri, mchenga. Kachitatu, mchenga wa kunyanja, wosefa bwino, wopanda ndi kamwala komwe.

Kenako kunamveka mawu a a Yohane, ali chowerama ndi ndodo yawo: "Alamu! Msana wangawu unathera mchenga? Tinachotsa mchenga kunyanja kukauika paphiri?"

Mayi wina anaphulika kuseka, anayesa kubweza kuti kukhale kulira, zinakanika. Azimayi onse anagwa nako kuseka, misozi ya maliro ili m'masaya. Abusa anatembenuka kuyang'ana mtengo wa mango. Ine ndinangotsala ndi kathumba ka mchenga m'manja.

Lute ndi amene anandifotokozera, pomwepo, motsitsa mawu. "Ababa, zinayamba tsiku lija munakana kiyi. Mutapita kudambo, amayi anamasula waya, anatenga kathumba kamodzi n'kundiphikira phala. Anaikamo mchenga kuti mukagogoda mtima wanu usasweke. Chaka chilichonse njala ikafika ankatenga chimanga n'kuika mchenga, tikakolola ankachotsa mchenga n'kuika chimanga chatsopano. Makaka, nyemba, mchere, zonse ankasintha. Ine anandiphunzitsa waya ndili ndi zaka khumi. Azimayi onsewa akudziwa, ambiri ana awo anamwapo phala la mumgolomu."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Ankati bambo ako akusunga mlongo wawo mmenemo, asiye."

Ndinakhala pansi, pamchenga womwewo, ndinalira mokweza ngati mwana, ndipo kuseka kuja kunatha. Zaka zonsezo ndinkati ndine mlonda wa banja langa, chonsecho tsiku limene mwana wanga ankafuna chakudya, amene anaima pakhomo kumutsekereza ndinali ine. Akanakhala mkazi womvera, Lute akanatsatira Eneresi, ndipo inu awiri simukanakhala pano kumanyoza mgolo wanga.

Pansi penipeni tinapeza timatumba titatu ta chimanga chenicheni, cha m'zokolola zomaliza, choyera bwino. Masupuni anayi aja analinso pompo, palibe anawagwiritsapo ntchito. Azimayi anasinja chimangacho, okumba manda anadya, ndipo a Yohane anadya mbale ziwiri, akuti akubwezera msana.

Ndiye zidebe zanuzi ndazilandira, tiziikamo nyemba ndi mpunga, ndipo muzilemba mwezi pamwamba monga mukunenera, chakale chizidyedwa poyamba. Zimene mwawerenga pafonizo agogo anu ankazichita ndi waya ndi zitenje zong'ambika. Koma mgolowu sutungiramo madzi. Chaka chilichonse tikakolola ndimaudzaza ndekha, ndipo timatumba ta mchenga ndimatisunga m'dengu ilo pansi pa bedi. Mukaona kofiira ka maluwa achikasu, musakataye. Ndi chitenje chimene ndinawagulira tikutomerana, ndipo Lute akuti ndi kamene kanali koyamba.

Taonani, dzuwa lafika pamutu ndipo mimba ya Madalitso ikulira mpaka kuno. M'nyumba muno ufa unatha dzulo. Tamanda, pita kumbuyo kwa mgolowo, umasule waya, utenge kathumba kamodzi mupite nako kuchigayo. Uikemo ka mchenga, kuti Loweruka ndikamagogoda ndimve bwino. Ndipo uchite ine ndikuyang'ana kumbali. Kiyi yekha musandipemphe, ana inu. Ndimadzidziwa, ndikhoza kukana.